Bowa Amene a Lojza Anaponda

Kwathu ku Libochovice munthu akhoza kukubwereka galimoto, makwerero, ngakhale suti yake ya ukwati, koma usamufunse kumene amazula bowa. Akunamiza akukuyang'ana m'maso, ndipo iwe uthokoze, chifukwa nawenso ukanatero.

A Alois Vondra, amene tauni yonse imangowati a Lojza, anali katswiri pa bodza limeneli komanso pa bowa weniweniyo, makamaka uja wa chipewa chofiira womera pansi pa mitengo ya masamba onjenjemera. Ntchito anapuma kalekale. Zaka zawo zonse zamphamvu anathera ku Prague, akuphunzitsa ana a sukulu ya udokotala mmene thupi la munthu limagwirira ntchito, ndipo pobwerera kwawo anabwera ndi mkazi wawo a Vilma, galimoto yakale yobiriwira ya Škoda, ndi Purkyně.

Purkyně mukumudziwa. Ngati simukumudziwa, mtima wanu ukumudziwa, chifukwa timaulusi timene timauuza nthawi yogunda timatchedwa dzina lake. Kumbuyo kwa ubongo wanu kulinso tinthu tina ta nthambinthambi ta dzina lomwelo. Wasayansi ameneyu anabadwira konkuno zaka zoposa mazana awiri zapitazo, ndipo ife timayenda monyada ngati tinamugwirira nawo maikulosikopu. Koma a Lojza anali atapitirira. Iwo chimene chinawagwira mtima si mabuku a munthuyo ayi, koma khalidwe lake loyesa chilichonse pathupi pake: kumwa mankhwala oopsa kuti amve yekha zimene amachita, kudzizunguliza mpaka chizungulire kuti alembe mmene dziko likupendekera. Ndiye nawonso sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyese okha. Ukawauza kuti supu watentha, ankapisamo chala.

Ndi a Vilma anali ndi pangano lakale: tsiku limene maso adzayambe kufooka, makiyi a Škoda adzapachikidwa pa msomali wa kukhitchini, popanda mkangano. A Vilma sayendetsa. Ana ali kutali. Ndiye makiyi pa msomali ndiye kuti nkhalango yatha, maulendo okaona mchemwali wa a Vilma atha, kwatsala benchi ya pabwalo ndi nkhunda. A Lojza anavomera pangano limeneli mosavuta, nthawi imeneyo akutha kuwerenga nyuzipepala ya munthu wokhala tebulo lina ku bala, n'kumuuza zigoli asanafike pa tsambalo bwinobwino.

Chaka chino mvula inagwa bwino kumayambiriro kwa Seputembala, bowa n'kumera ngati wachita kutumidwa. Vuto linabwera pa kanjinga kamoto. Mwini wake ndi a Ctibor Pecha, dalaivala wa basi wopuma, mnansi wa kuseri kwa mpanda, amene anakhala benchi imodzi ndi a Lojza ku pulayimale. Kuyambira pamenepo awiriwa sanagwirizanepo pa chinthu china kupatula mowa. Kwa zaka zambiri a Ctibor ankasakasaka malo a mnzawo. Chaka chino anapeza Škoda itabisidwa kuseri kwa mulu wa zipika, anatsata udzu wopondedwa, chinsinsi n'kuthera pomwepo.

A Lojza sanadandaule. Anangoti nkhalango ndi ya aliyense, koma bowa ndi wa amene wafika. Anayamba kulawira. Tsiku lina akubwerera anamva kanjinga kaja kakulira patali, mawa lake analawira kuposa pamenepo. Anaonanso nyali ikuyaka m'khitchini mwa a Ctibor, alamu n'kubwezedwanso m'mbuyo. Tochi sankatenga. Tochi ndi ya alendo a ku Prague obwera Loweruka atavala nsapato zoyera. Woyatsa tochi m'nkhalango akuitana tauni yonse kuti idzaone pamene waima, ndipo a Lojza njira ankaidziwa ndi mapazi.

Koma dengu linayamba kubwerera lopepuka. Ofiira aja, zii. Ankangopeza bowa woyera wamtali uja timati maambulera, amene ngakhale mwana wodutsa pa njinga amawaona ali pamsewu. A Vilma ankawaviika m'mazira ndi nyenyeswa za buledi, kukazinga, kudya osafunsa kanthu. Pamene a Ctibor ankatulukira cham'masana, dengu litamangidwa kumbuyo, zipewa zili psuu mpaka pamwamba, n'kudutsa pa geti la a Lojza pang'onopang'ono ngati kanjinga kadwala.

Lachinayi madzulo ku bala, a Ctibor anadikira kuti tebulo lidzaze, aliyense alandire chikho chake thovu lili mbee. Kenako anatulutsa kanthu kokulunga m'mpango n'kukaika pakati. Chinali chipewa cha bowa chachikulu ngati mbale ya mwana, chofiira, chophwanyika, ndipo pamwamba pake panali chidindo cha jombo, mizere yonse yooneka bwinobwino.

"Aprofesa," anatero mwaulemu wonyanya, "mlendo uyu akuti munakumana m'mawa uja. Akudandaula kuti simunam'patse moni."

Tebulo linaseka.

"Unam'ponda pamutu penipeni, Lojza. Abale ake anali pompo, mbali zonse, akuonerera maliro. Ine ndinangofika n'kutola ana amasiye."

A Lojza anaseka nawo. Anati anawasiya dala, chifukwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akufika mochedwa pa siteji amafunika kumusiyira kenakake. Anaitanitsira tebulo lonse mowa wina, nkhani n'kupita ku mpira. Koma atafika kunyumba analowa m'shedi, anatembenuza jombo yakumanja, ndipo pakati pa mizere ya pansi panali kachikopa kofiira katamatirira.

Anakhala pa chidebe nthawi yaitali, jombo ili m'manja. Bowa wa msinkhu umenewo munthu samuphonya. Lero aponda bowa, nanga mawa pamsewu adzaponda chiyani?

Munthu wina akanapita kwa dokotala wa maso. A Lojza anati dokotala ndi wachiwiri, woyamba ndi mwini thupi. Mawa lake masana, a Vilma atapita kukagula buledi, anatenga tomato yense wa m'khitchini n'kumumwaza m'kapinga atatsinzina, kenako anatsegula maso n'kuyamba kutola. Anamupeza yense, kupatula mmodzi amene galu wa a Ctibor anathawa naye kudzera pa bowo la mpanda. Anaima pa geti n'kuwerenga nambala za magalimoto odutsa. Zonse bwinobwino. Zimenezi sizinawasangalatse m'pang'ono pomwe. Anati matenda oopsa ndi amene amabisala ukawayang'ana, ngati dzino losiya kupweteka ukangokhala pa mpando wa wozula mano.

Ndiye anaganiza kuti mwina vuto si diso koma ubongo. Anapita kumalo osewerera ana, anakwera kachitsulo kozungulira kaja, mawondo ali kukhosi, n'kupempha mayi wina amene anabwera ndi mwana wake kuti awakankhe mwamphamvu. Anatsika, anaima ndi mwendo umodzi. Dziko linapendekera kumene limayenera kupendekera, linabwerera nthawi yake. Mayi uja anawafunsa mwaulemu ngati pali wachibale amene angamuimbire foni.

Chomaliza chinali cha kandulo. Ichi ankachikonda kwambiri chifukwa n'cha Purkyně mwiniwake: ulowe mu mdima, uyang'ane kutsogolo, uziyendetsa kandulo pambali pa diso, ndipo umaona mitsempha ya m'diso mwako itayala ngati mtengo wopanda masamba. Loweruka masana analowa m'kachipinda kosungira mbatata ndi mabotolo a jamu, n'kutseka chitseko. Mtengo unabwera, wokongola, nthambi iliyonse pamalo pake. Anauyang'anitsitsa kufunafuna nthambi yothyoka, kandulo ikuyandikirayandikira, mpaka anamva fungo ngati la nkhuku yowaula. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka.

A Vilma anabwera kudzatenga mbatata. Anayang'ana kandulo, anayang'ana nsidze yakumanzere imene theka lake linali litapita.

"Lojza, tomato wanga dzulo anali ndi udzu. Kupositi akuti anakuona ukuzungulira ndi ana. Tsopano ukudziwotcha pakati pa jamu. Ndiuze wekha, ndisachite kukafunsa Ctibor."

Anawauza zonse, mpaka kachikopa ka pa jombo. A Vilma sanakuwe. Anatenga kandulo ija, anaizimitsa ndi zala, n'kunena kuti Lolemba apita limodzi kwa dokotala wa maso, pa basi, ndipo makiyi akhala pa msomali mpaka dokotalayo alankhule. A Lojza sanatsutse, pangano ndi pangano. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti Lamlungu m'mawa apite kunkhalango komaliza, akatsanzike. A Vilma anaganiza kaye, mbatata ili m'manja, kenako anati apite, koma atenge foni, ndipo ayendetse ngati pampando pali supu wosavindikira.

"Ndipo za nsidzezo uziuza anthu kuti ndi chitofu," anatero. "Ine sindikufuna kufotokozera tauni yonse za mtengo wa m'diso."

Lamlungu analawira kuposa masiku onse, poti tulo tinali titakana. Anayendetsa pang'onopang'ono, manja onse pa chiwongolero, akumva kalikonse kamene Škoda imalankhula ikamakwera chitunda. Anaibisa kuseri kwa zipika mwachizolowezi, ngakhale panalibenso chobisa. M'nkhalango munali kamdima kaja kamene mitengo umaiona koma nkhope ya munthu sungaizindikire. Masamba ankanong'onezana pamwamba. Anayenda chowerama, kusuzumira pansi pa mtengo uliwonse, ndipo ponseponse panali pakuda mofanana: masamba akuda, miyala yakuda, timabuma takuda.

Atafika pakati penipeni pa malo awo anatulutsa mpeni kuti adule kaambulera kamodzi, asabwerere chimanjamanja, mpeniwo n'kupulumuka. Unali wa chigwiriro chofiira, wogula dala kuti ukagwa uzioneka. Anaumva ukugwera pafupi ndi phazi. Anayang'ana, palibe. Anagwada, palibe. Akanatha kupapasa ndi manja, koma anati ayi, kupapasa n'kusayina kuti maso atha. Anadzuka, anapukuta mawondo, n'kukhala pa chitsa.

Aka kanali koyamba chaka chino kuti a Lojza akhale pansi m'nkhalango osathamangitsana ndi munthu. Anaganiza za amene angam'patse Škoda woti asamaivutitse magiya. Anaganiza zoti aphunzire nthawi za mabasi, ndi zoti wowaphunzitsa adzakhala Ctibor, zimene zinawawa kuposa khungu lenilenilo. Anatsegula fulasiki, anamwa tiyi, anadya buledi wopaka mafuta a nkhumba ndi anyezi amene a Vilma anawakulungira. Zinali zokoma kwambiri, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa pang'ono, chifukwa munthu wotsanzikana ndi maso ake sayenera kumva kukoma anyezi.

Kumwamba kunayamba kuyera. Poyamba anaona kanthu kakuda pafupi ndi jombo kakufiirira, ngati khala limene munthu akuliuzira. Kenako psuu: mpeni, pomwe anaumva ukugwa, poyera, wosabisika ndi tsamba ngakhale limodzi. Asanawerame, mwala wakuda umene unali patsogolo pawo unayamba kufiira nawonso. Sunali mwala. Wina kumanzere. Ena awiri pansi pa mtengo umene anausuzumira kumene. Kabuma kamene anatsala pang'ono kukakhalira. Nkhalango yonse inkayatsa zipewa chimodzichimodzi, ndipo pa chachikulu kwambiri panali nkhono yopanda chigoba ikudya mosafulumira, tinyanga tili m'mwamba. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Lojza anawaona onse awiri.

Anayamba kuseka, kaye ndi mapewa okha, kenako mpaka tiyi anatayikira pa thalauza. Chifukwa chinthu chimenechi anachiphunzitsa chaka ndi chaka. Ankalowa m'kalasi ndi nsalu ziwiri, yofiira ndi yabuluu, n'kuuza wina kuti azitseka makatani pang'onopang'ono, ana n'kumaona yofiira ija ikuda bii pamene yabuluu ikuwalabe. Diso lili ndi antchito a masana ndi antchito a mu mdima, ndipo a mu mdimawo chofiira sachidziwa. Purkyně anazizindikira akuyenda m'bandakucha, akuyang'ana maluwa, ndipo mpaka lero zimatchedwa dzina lake. A Lojza analepheretsapo ana a eni mayeso chifukwa choiwala zimenezi. Ndiye iwo, aprofesa athunthu, pothawa kanjinga ka Ctibor anakhala akubweza alamu m'mbuyo pamene dzuwa la Seputembala likuchedwerachedwera kutuluka. Ankafika nthawi imene chofiira chilichonse ndi mwala, kuzungulira mwachangu, n'kuthawa kusanayere, kumusiyira mnzawo munda wakupsa.

Anaimbira a Vilma, mawu akudukaduka ndi phwete. Anati maso ali bwino, wolakwa ndi Purkyně. A Vilma anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati munthu ameneyo anamwalira kalekale koma akadali kuwotcha nsidze za amuna a eni. Anati kwa dokotala apitabe, zimenezo sizikusintha. Koma ngati dengu libwere lodzaza ndithu, osati ndi maambulera, apita pa Škoda.

Dengu linadzaza. Chipewa cha kumutu chinadzaza. Anavula jekete, anamanga mikono, nalonso linadzaza. Ankadula ndi mpeni mosamala, kupala dothi, kukwirira pamene adula, akuimba kanyimbo kopanda mutu. Wa nkhono uja anamusiya, poti anali ndi mwini wake.

Kanjinga kanamveka dzuwa litakwera kale pamwamba pa mitengo. A Ctibor anatulukira akuimba mluzu, dengu lopanda kanthu likulendewera, ndipo mluzu unathera pakati. Anayang'ana dengu la mnzawo, jekete, chipewa. Anayang'ana pansi pa mitengo, pamene panangotsala masamba.

"Iwe, wagula kuti?"

"Mwadzuka bwanji, a dalaivala. Mwachedwanso."

"Usandinamize, Lojza. Lachinayi lomweli unali wakhungu ngati mfuko. Nanga nsidze yapita kuti?"

"Chitofu."

Apa a Lojza anavutika pang'ono. Mphunzitsi wa m'mimba mwawo ankafuna kutuluka. Phunziro linali lokongola, zitsanzo zili pompo m'dengu, wophunzira waima kukamwa kuli yasa. Akanangoyamba ndi antchito a masana ndi a mu mdima. Koma apa sipanali m'kalasi, panali m'nkhalango, ndipo m'nkhalango muli malamulo ake. Anayang'ana uku ndi uku ngati mitengo ili ndi makutu, anatsitsa mawu, n'kunena kuti poti anakhala benchi imodzi, amuuza. Masiku onsewa iwo ankalakwitsa nthawi. Lero afika kudakali mdima weniweni, kuposa kale lonse, opanda tochi, ndipo zotsatira zake ndi izi.

Palibe liwu limodzi labodza m'menemo, onani bwino. Ndipo a Ctibor anali atamva okha Škoda ikutuluka, iwo akadali m'bulangeti.

"Opanda tochi?"

"Sayansi, Ctibor. Sungaimvetse. Umangoyesa pathupi pako."

A Ctibor anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa nambala za lotale. A Lojza anasankha zipewa zingapo zabwino, zolimba, zopanda mphutsi, n'kuziika m'dengu la mnzawo kuti asadutse m'tauni chimanjamanja. Anawagawiranso tiyi wotsala, n'kukhala limodzi pa chitsa akukangana za mphunzitsi wawo wa masamu amene anamwalira zaka makumi angapo zapitazo, ngati anali ndi ndevu kapena ayi.

Masana amenewo nyumba yonse inanunkhira bowa wokazinga ndi mazira. Wotsala a Vilma anamudula tizidutswa n'kuyanika pa manyuzipepala, patebulo, pamipando, mpaka pamwamba pa kabati, woti adzaphike pa Khirisimasi. Lolemba anapita pa Škoda. Dokotala, mtsikana wachete wa manja ozizira, anawaunika mbali zonse, anati maso ngati amenewa akanakonda atakhala nawo iye pa msinkhu umenewo, angosintha magalasi owerengera basi. A Lojza anayamba kumufotokozera za kandulo, a Vilma anawaponda phazi.

Lachiwiri, kunja kudakali bii, kuseri kwa mpanda kunamveka kanjinga kakutsokomola. Kanakana, kanakananso, kenako kanavomera, n'kulowera kunkhalango mothamanga. A Lojza anamvetsera mpaka phokoso linazilala, akumwetulira m'bulangeti.

"Ndi Ctibor ameneyo?" anafunsa a Vilma, maso osatsegula. "Nthawi ino?"

"Akuchita kafukufuku."

"Udzamuuza liti?"

"Chisanu chikayamba. Bowa akatha."

A Vilma anati ndiye masana am'patsireko supu pa mpanda, munthu asafe ndi njala chifukwa cha sayansi. A Lojza anavomera, anatembenukira kukhoma, n'kugona mpaka dzuwa linafika pa zenera.